Bedi Lopanda Gadiyani

Mgona, Lilongwe

Alongo anga a Jacinta,

Muli bwanji uko ku Angonia? Nanga mwendo wa Amayi uja unaphwa? Ine kuno ndingoti ndilipo, chifukwa ndikati ndili bwino ndiye kuti ndanama.

Chotupa cha m'munsi mwa mimba chija chakula. Matumba ndinasiya kunyamula, pano ndimangosankha mtedza pamsika pamodzi ndi azimayi, ndipo amandiseka kuti ndimataya wabwino n'kusiya wowola.

Kuchipatala ndinazengereza kupita. Ndinkaopa kuti akandifunsa chiphaso cha dziko lino n'kundibweza, poti ndine wa ku Mozambiki. Koma vuto silinali pamenepo. Adokotala anandiyeza bwinobwino, anati mpofunika opaleshoni, n'kundigoneka. Kenako anesi anafunsa kuti gadiyani wanga ali kuti. Kuno, alongo, wodwala amafunika m'bale womusambitsa, womuchapira, womugwira popita kuchimbudzi. Ndinayankha kuti akubwera.

Akanabwera ndani? Nthawi yoona odwala ikakwana, wodi yonse inkadzaza mabasiketi ndi mafulasiki, ine n'kutembenukira kukhoma ngati ndagona. Mayi wina, amene amuna ake anagona bedi loyandikana ndi langa, ankandigawira phala. Tsiku lina ndinamva amuna akewo akufunsa monong'ona ngati ndinachita kugwa kumwamba. Ndinalira, alongo, ndevu zonsezi.

Anesi anandiuza mwaulemu kuti ndikachoka ku opaleshoni sindidzatha ngakhale kudzuka ndekha, choncho ndiyambe ndabwerera kunyumba, ndidzapite ndi munthu kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ndinayesa anzanga a pamsika, koma aliyense amadya zimene wapeza tsiku lomwelo. A Kasimu, eni nyumba imene ndimakhala, anati akanathandiza koma sangatseke okala yawo. Sindikuwada, si abale anga. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati wa konkuno, poti chilankhulo n'chimodzi. Matenda ndiwo andikumbutsa kuti ndine mlendo.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani mudzandidwazike. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yokumba mbatatesi, ndiponso kuti alamu sakonda kuti muzichoka pakhomo. Muwapemphe m'dzina langa. Mukadutsa pa Dedza mukwere minibasi ya ku Lilongwe, mudzandipeza pa depoti. Mutenge kapoto ndi chofunda, chifukwa kogona magadiyani kumazizira.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa adzukulu anga onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Zikakanika, musadziimbe mlandu. Ndidzapitabe ndekha kuchipatala n'kukawachonderera adokotala, chifukwa ululu wake sukundilolanso kudikira. Koma zimenezo Amayi asamve. Akafunsa, mudzawauze kuti Rabson ali ndi anthu ambiri ku Lilongwe.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Rabson