Mapilisi a azakhali

[09:12] Azakhali: alamu, mtsikana wanu Mzime wachiratu. uja ankangogona uja lero wakolopa nyumba yonse asanapite kusukulu

[09:31] Mayi: koma akugona?

[09:32] Azakhali: aa ayi, amangoyendayenda. mphamvu zabwerera basi

[09:33] Mayi: mankhwala a depression akumwa bwanji

[09:33] Azakhali: limodzi mmawa

[09:34] Mayi: nanga a chithokomiro aja dokotala anawonjezera atamuyeza magazi?

[09:40] Azakhali: anatha last week. ndikumupatsa anga. dzina lake ndi lomwelo

[09:40] Mayi: ANU?? ake amalemba 25. anu amalemba chani

[09:44] Azakhali: 100

[09:44] Mayi: angati

[09:51] Azakhali: awiri. ndimaona ngati akuchedwa kuchira

[09:52] Mayi: alamu ndinakusiyirani mwana ine

[09:52] Mayi: Mzime uli kuti

[09:58] Mayi: 📞 missed call

[10:07] Mayi: mwanawe yankha

[10:19] Mzime: mami mtima ukugunda heavy. manja akunjenjemera, pen ikugwa yokha. ndadzitsekera mtoilet ya kusukulu

[10:19] Mayi: zayamba liti

[10:21] Mzime: kale. ndimayesa mutu wanga wayambanso. azakhali anali happy, ndimaopa kuwakhumudwitsa

[10:21] Mayi: si iwe, ndi mapilisi. ndikuwaimbira aphunzitsi

[10:22] Mzime: ayi pls. munalonjeza kuti simudzauza akusukulu. class yonse iziti ndine wamisala

[10:22] Mayi: ndili kutali mwanangu, ndikuopa. nditani?

[10:23] Mzime: musaimbe

[10:26] Mayi: ndaimba

[10:27] Azakhali: 🎤 voice note (0:41)

[10:28] Mayi: kupepesako pambuyo alamu. thamangani, mutenge mabotolo onse dokotala akaone

[10:49] Azakhali: ndafika. aphunzitsi akugogoda. sakutsegula

[10:49] Mayi: akuyankhula?

[10:50] Azakhali: zii

[10:50] Mayi: Mzime tsegula

[10:51] Mayi: undikwiyire mmene ungafunire, bola utsegule

[10:53] Mayi: alamu??

[10:58] Azakhali: watsegula. thukuta thupi lonse koma akuyenda yekha. tikupita kuchipatala

[10:59] Mayi: Mulungu wanga. zikomo

[11:06] Mzime: inali break. onse anaima pakhonde kumandiyang'ana

[11:06] Mayi: ndikudziwa zakuwawa. ndanyamuka, ndikupeza kuchipatala konko

[11:07] Mayi: wamva mwanangu?

[11:09] Mzime watuluka m'gulu