Fumbi la Tiyi m'Galimoto ya Ababa

Lolemba, 9 Juni 2025

Kalata ya ku ofesi ya esiteti yabwera. Nyumba tituluke pa 30. Ababa anapuma ntchito, muno mulowa dalaivala watsopano. Mzere womaliza ndiwo wandidya moyo: chilichonse chotsala pabwalo chikagulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Akunena Land Rover. Sanaitchule dzina, ulemu wawo umenewo.

Ya 1980, masilinda asanu ndi atatu. Ababa anayendetsa mabwana anayi mmenemo, wachinayi n'kuwapatsa potsazikana. Mphatso yomwa madzi ngati ng'ombe. "Pa geti ili ndinalowa wapansi," akutero, "nditulukapo ndikuyendetsa ndekha mpaka kwathu ku Masambanjati." Kenako maso kwa ine. Ine Tisungane wa zaka zitatu za uinjiniya ku yunivesite, wopanda pepala, wosunga mabawuti m'sitolo ya ku wekishopu.

Lachitatu, 11 Juni

Chiperoni tsiku lonse. Zala kuuma.

Ndadzaza radiyeta, ndaliza injini pang'ono. Madzi atsika. Pansi pouma, ngakhale dontho. Mapaipi abwinobwino, pampu ya madzi yabwinobwino. Ndasolola kachitsulo kopimira oyilo: watuwa ngati tiyi wamkaka wa ku kantini. Ndiye kuti madzi akuthawira mkati.

A Goodson, kapitawo wa ku wekishopu, adutsa manja kumbuyo. "Gasiketi ya hedi imeneyo, mayi, musavutike." Anthu awa galimoto ikatsokomola, gasiketi ya hedi. Tayala likaphwa, gasiketi ya hedi.

Loweruka, 14 Juni

Si hedi. Ndapima masilinda onse, mphamvu yofanana. Kenako ndalumikiza pampu ya njinga pa chitsekero chakale cha radiyeta, ndapopa, khutu pa injini. Kaphokoso kakang'ono, tsiii, pansi pa manifodi, chitsulo chija chokhala pamwamba chogawira masilinda mpweya ndi petulo. Mkati mwake mumadutsanso madzi.

Ndamasula, ndatembenuza. Pakamwa pa njira ya madzi padyeka ngati dzino lobowoka, mkati matope akuda. Ndanunkhiza. Tiyi.

Ababa alibe ndi manyazi omwe. Akuti madalaivala onse a pa esiteti amatero: radiyeta ikadontha, dzanja limodzi la fumbi la tiyi la ku fakitale, bowo latsekeka. "Zaka makumi atatu, mwanawe, sinandisiyepo panjira." Zaka makumi atatu akuphika tiyi mu injini, ndi madzi a mumtsinje. Aluminiyamu kumangodyeka mwakachetechete. Ndimafuna kukalipa. Ndangotola nsanza, ndayamba kupukuta matopewo.

Lamulungu, 15 Juni

Ndinalondola ine, a Goodson analakwa. Nanga zimenezo ziliza galimoto?

Lachiwiri, 17 Juni

Pa foni ndapeza manifodi yatsopano ku Joni. Yonyezimira, koma ya kabuleta imodzi yaikulu, pomwe yathu ndi ya makabuleta awiri. Kugula iyo ndiye kugulanso kabuleta ndi zingwe zake. Kufika kuno milungu isanu ndi umodzi. Mtengo wake sindilemba, ndingadetse buku.

Masana a Goodson andipeza ku sitolo. "Bweretsani yakaleyo tiwotcherere, tisalaze ndi sandipepa pa galasi. Ikafika ku Masambanjati imeneyo." Pamaso pa amakaniko onse ndayankha kuti aluminiyamu wovunda sawotcherera, izi amaphunzitsa chaka choyamba, kwa amene anafikako. A Goodson anangoti, "Chabwino, a injiniya," n'kumapita.

Pakamwa panga. Pomwepa ndi pamene panandichotsetsa ku yunivesite.

Loweruka, 21 Juni

Ku Ndirande, kwa ogulitsa zitsulo zakale. Manifodi zitatu pansi pa lona. Yoyamba ya injini za masiku ano, yopanda pokhala kabuleta. Yachiwiri yong'aluka, ngakhale wakhungu akanaona. Yachitatu ya makabuleta awiri, mabowo a mabawuti ofanana ndendende ndi pepala lomwe ndinadinda pa yakale. Nkhope yake yosalala, yopanda bowo. Wogulitsa, Dan, mano onse panja: "Iyi, asisi, yachoka pa galimoto ya mzungu, yosamalidwa ngati mwana."

Foni yanga yatsala komweko ngati malipiro. Mu minibasi ndafukata chitsulo pamiyendo mpaka ku Thyolo, kondakitala kumafunsa ngati nachonso chilipira.

Ababa aseka lero. Ndinali nditaiwala kaseko kawo.

Lolemba, 23 Juni

Ndisanamange ndati nditsuke kaye. Madzi kulowa uku oyera, kutuluka uko akuda. Kenako timasamba.

Mzungu wakeyo anali wa pa esiteti, basi. Nayenso anali ndi dalaivala wake wa dzanja limodzi la fumbi. Ndakanda ndi mpeni pamene panali posalala paja: phala louma, penti ya siliva pamwamba. Pansi pake bowo lolowa chala.

Ndinayeza mabawuti, osasuzumira mkati. Ine amene.

Ababa afunsa ngati yakwana. Ndati mawa.

Lachisanu, 27 Juni

Kachinayi tsopano ndikuwauza kuti mawa. Manifodi ziwiri pansi pa bedi, zonse zodwala nthenda imodzi. Ziwiya m'matumba, makatani tachotsa, odutsa akutiona mpaka kuchipinda. Ababa asita yunifomu yawo ya khaki, apukuta magalasi a galimoto, apopa matayala onse anayi ndi kapampu kaja. Boneti sakutsegula. Akudziwa.

Ndakumana ndi a Goodson pa njira ya ku fakitale. Anachepetsa liwiro, ngati akundipatsa mpata. Ndinayang'ana m'munda, ngati tiyi ndamuona lero.

Lolemba, 30 Juni

Katundu wapita pa lole m'mawa. Ababa akana kukwera.

Kuchokera kunyumba kukafika pa geti ndi mtsetse wokhawokha. Aitana azimayi othyola tiyi, iwo atula madengu, akankha akuseka. Ababa pa chiwongolero, chipewa kumutu. Galimoto yatsetsereka pakati pa minda popanda phokoso, ine ndikuthamanga m'mbuyo ngati wakuba wandilanda kanthu. Pa geti aliza hutala kawiri, mlonda n'kuwachitira sawatcha. Atuluka akuyendetsa okha.

Yaima pa mlatho, pomwe payambira chitunda. Ku Masambanjati kukadali kutali. Ababa sakutsika, manja ali pa chiwongolero, maso kutsogolo. Sanandifunse kalikonse. Bola akanandikalipira.

Ndikulemba nditakhala pa bampala. Chifunga chikutsika kuchokera kuphiri. Wekishopu amatseka folo koloko. Manifodi yakale ili m'thumba pamapazi panga, ndipo kubwerera nayo ndi chitunda chonse chija. Mwina a Goodson akawotcherera sikagwira. Mwina ndinalondola. Ndatopa nako kulondola.

Mawu ake ndi ochepa: a Goodson, pepani. Ndayesa kuwatchula mokweza pompano kuti ndimve mmene akumvekera. Ababa atsitsa galasi.

"Ukuti chiyani?"

Ndati palibe, musachoke, ndikubwera.