Zipsera za Amayi Ako

Marietta, Ohio
9 Novembala

Wokondedwa mwana wanga Corinne,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli wathanzi pamodzi ndi banja lako. Ine ndili bwino, kupatula maondo. Amayi ako ayamba kuyenda opanda ndodo.

Ukudziwa kuti chisumireni malo odyera aja, amene khofi wawo anawotcha amayi ako m'ntchafu mpaka madokotala kuikapo khungu lina, tauni yonse yatisandutsa choseketsa. Kometetsa tsitsi amati tikufuna kulemera ndi kapu imodzi. Koma chimene chinawalasa mtima amayi ako ndi ichi: kuno munthu akadwala, a mumpingo amamusiyira mbale za chakudya pakhomo. Kwa ife sikunafike ngakhale imodzi. Potsiriza anandiuza kuti mlanduwo tiusiye.

Ine, amene ndakalambira m'kalasi ndikuphunzitsa Chilatini, ndinkawalangiza kuti munthu waulemu sayankha zitsiru. Iwe pafoni unawauza zina, unati anthu akuseka chimene sanachione.

Lamulungu lapitali, tikumwa khofi titatuluka m'mapemphero, Delbert Stump, wogulitsa matayala uja, anafuula, akuloza amayi ako, kuti Ottilie musamupatse kapu, angasumire Mulungu amene. Anthu anaseka. Amayi ako anaika chikwama pansi, nakweza siketi kupitirira maondo, abusa ali pomwepo. Anamuuza Delbert kuti avale magalasi ake ayang'anitsitse, popeza nkhaniyi akuidziwa kuposa mwiniwake. Iye anangoti, "Mayo ine, Ottilie, ndinkayesa n'kathuza chabe."

Manyazi anandigwira, sindikubisa. Komabe sindinanyadirepo mkazi wanga monga tsiku limenelo.

Lolemba m'mawa tinapeza khonde ladzaza mbale. Ina inali ya Delbert, makaroni owawa mchere, pakuti mkazi wake anamwalira ndipo iye kuphika sadziwa. Ndinadya onse.

Mlandu sitiusiyanso. Zikomo, mwana wanga. Pa nkhani iyi nzeru zako zinaposa zanga. Pempho langa n'limodzi: tsiku la kukhoti ubwere, udzakhale pambali pa amayi ako. Akuti woweruza akadzakayika, adzamuonetsa nayenso, ndipo ine ndekha sindingathe kuwaletsa.

Undiperekere moni kwa mwamuna wako Gideon ndi adzukulu anga. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
Lucius Pennebaker