Mzime Walira Pansi pa Chigafa

Amayi, kaya kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno tadzuka, kungoti chisanu cha Juni chatipeza titangomaliza kumanga mabelo a fodya. Ndine Esinati wanu. Ndakhala pakhonde paja munkakonda kusokera fodya, ndipo ndili ndi nkhani yomwe ndikanakonda mukanaimva muli pampando, chifukwa mukanadzuka n'kuvina.

Koma ndiyambe ndi za pakhomo. Nabanda, mkazi wa mlongo wanga Limbikani, anachira bwinobwino m'mwezi wa Malichi. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Felesiya. Mawu ake ndi aakulu kuposa thupi, moti akayamba kulira Abambo amati, "Ayambapo mayi anu." Fodya wa kumunda wa kumunsi anachita bwino, masamba aatali ngati mkono, ngakhale mvula inadula pang'ono mu Febuluwale. Chimanga chitifikitsa. Chiswe chinadya mizati iwiri ya chigafa, tinasintha. Mbuzi yanu yamawanga ija idakali yakuba, dzana inalowa m'khitchini n'kutha mbatata.

Tsopano za Mzime. Inde, njinga yamoto yanu ija, imene munagula kwa kalaliki wa ku esiteti chaka chomwe fodya anagulidwa bwino, n'kuitcha Mzime poti inabwera ife tonse titabadwa kale. Kodi mukudziwa kuti inafa sabata yomweyo ya maliro anu? Limbikani ankathamanga nayo kukauza abale ku Kaomba. Mutu wake sunali pamalo. Anagula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu n'kuthira yekhayekha, osasakaniza ndi oilo. Inu munkanena tsiku lililonse kuti, "Uyu sadya petulo wouma, muzimuikira oilo, mugwedeze, kenako mumupatse." Pobwerera injini inalira mwachilendo, n'kugwira osazunguliranso. Anaikankha mpaka kunyumba, anaiimika pansi pa chigafa, ndipo kuyambira pamenepo sankayang'anako n'komwe. Nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pake.

Amene anavutika kwambiri ndi Abambo. Mukudziwa kuti chiwagwirereni sitiroko, mbali ya kumanzere sigwira, ndipo mwezi ndi mwezi amayenera kukaonedwa kuchipatala n'kulandira mankhwala. Inu ndi amene munkawatenga. Mutapita tinayesa ngolo, koma inkawagwedeza mpaka ankafika ali wefuwefu. Tinayesa anyamata a kabaza, wina anawagwetsera mumchenga pa dambo paja. Atachira mabala anati, "Ndisiyeni, ndakwera zokwana." Miyezi ina inadutsa osapita. Miyendo inayamba kutupa, kulankhula kunachepa. Ndinkawayang'ana ndikuona kuti akulongedza kuti akutsatireni.

Tsiku lina achimwene anu, Malume Phiri, anabwera ndi munthu wogula zitsulo zakutha, sikelo ili m'manja. Anati, "Esinati, chinthuchi chinapita ndi mwini wake. Tigulitse, mugulire bambo anu shuga."

Ndinati, "Malume, ndidikireni ndikolole soya. Ndikufuna ndiitsegule."

"Iwe? Munthu wamkazi kutsegula injini?"

"Nanga alongo anu amene ankaikwera anali amuna?"

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuuza wa sikelo uja kuti abwerere. Koma ponyamuka anati akaipeza ili chomwecho pokolola, sadzafunsanso.

Ndinapita pa tiledingi senta kwa bambo Nyirenda, makaniko uja wa ku Kaluluma amene ankakugulitsani mapulagi. Nditawafotokozera anapukusa mutu. Anati, "Mama, ntchito zandichuluka chomene, ndipo kubwera kwanu sindingathe. Koma injini imeneyo njosavuta, ilibe zambiri. Ngati kiki yolizira ikukana kupondeka koma pansi sipanaphwanyike, vuto lili kumtunda. Kamasuleni nokha, mundibweretsere ndione." Anandibwereka masipanala, n'kundijambulira pansi ndi chala mmene zinthu zimakhalira: pamwamba hedi, pansi pake silinda, m'kati mwa silinda pisitoni yokwera ndi kutsika, itavala maringi ake.

Ndinayamba m'mawa kutacha bwino. Ndinakumbukira mawu anu aja mukamatsuka pulagi, akuti, "Tsuka kaye usanamasule, mchenga wa kuno sufunsa polowa." Ndinatsuka injini yonse ndi palafini. Ndinachotsa thanki, ekizozi ndi kabureta. Nati iliyonse ndinkaiika pa lichero motsatana ndi mmene yachokera, monga munkachitira. Hedi inachoka mosavuta, m'kati mwake muli mwaye wouma ngati kunsi kwa chiwaya. Silinda ndiye inakana. Ndinathira oilo, ndinadikira, ndinagogoda ndi kamtengo pang'onopang'ono mpaka inasuntha.

Amayi, nditaiona pisitoni ndinamva chisoni. Mbali imodzi inali yokalikakalika ngati chinangwa chopalidwa ndi mpeni wobuntha, maringi atamatirira m'mizere mwake. M'kati mwa silinda munalinso mikwingwirima yoti chikhadabo chimakodwa. Bambo Nyirenda atapisamo chala anati, "Iyi ikufunika kukaboola ku boma, muikemo pisitoni yokulirapo." Anandifunsanso za kachitsulo kogwira pisitoni kamene kanatsala mu injini, ndipo nditawafotokozera kuti sikakusewera, anati pansi pali bwino. Ndinagulitsa soya wanga. Ndinakwera galimoto wa ku Kasungu silinda ili m'chikwama chanu cha ku Mvano, nditaikulunga m'nsanza. Pobwerako m'kati mwake munali mosalala, mukuwala, ndipo ndinali ndi pisitoni yatsopano, maringi, pini ndi magasiketi otsekera mpweya kuti usathawe.

Tsiku lomanga, Abambo anapempha kuti tiwatulutsire mpando pafupi ndi chigafa. Ankangoyang'ana. Ndinapala mwaye wonse pa hedi ndi m'kamwa mwa ekizozi. Ndinatseka dzenje la injini ndi nsalu kuti kanthu kasagweremo. Pisitoni ili ndi kamuvi pamwamba, ndipo bambo Nyirenda anandichenjeza kuti kaloze kutsogolo, ku ekizozi. Ndinalowetsa pini yolumikiza pisitoni ku kachitsulo kaja. Ndiye pali tiwaya tiwiri topindika timene timatsekera pini kuti isatuluke. Koyamba kanalowa. Kachiwiri, ndikukapanikiza, kanangoti psiti, n'kuuluka.

Ndinakhala pansi manja ali m'mutu. Kawaya kochepa ngati mphete ya mwana, kagwera mumchenga wa pansi pa chigafa wodzaza zinyenyeswa za fodya, ndipo kena kopezeka ndi ku boma basi. Nabanda anabwera mwana ali kumbuyo, anaona mmene ndinalili, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sefa wa ufa. Anati, "Alamu, tisefe." Tinasefa mchenga, Amayi, azimayi awiri akuluakulu titagwada, anthu odutsa akutifunsa ngati tayamba kufuna golide. Dzuwa litafika pamutu kanawoneka kali gone m'sefamo. Ndinakatsuka, ndipo ulendo uno ndinakaphimba ndi chala mpaka kanati tswa m'malo mwake.

Kuveka maringi kunafuna mtima wodekha, chifukwa amathyoka msanga. M'mzere uliwonse muli kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo pakamwa pa ringi payenera kukhala pomwepo. Ndinapaka oilo paliponse. Koma kuti silinda itsike, pamafunika wina aigwire pamwamba, wina akufinya maringi ndi zala. Manja anga awiri sanakwane. Ndikulimbana nazo, ndinangoona manja ena agwira silinda. Anali Limbikani. Chaka chonse sanayandikire njingayo, ndipo nkhope yake inali pansi.

Anati, "Achemwali, ndine ndinaipha."

Ndinati, "Gwira bwino, usapotoze. Tsitsa pang'onopang'ono."

Inatsika mofewa, osakodwa. Tinaika gasiketi ndi hedi, ndikumanga manati modumphanitsa, iyi kenako ya kutsidya, pang'onopang'ono kuti hedi ikhale mofanana. Tinabwezera kabureta, ekizozi, thanki ndi pulagi yatsopano. Pa lichero sipanatsale nati ngakhale imodzi. Petulo anasakaniza ndi Limbikani yemwe, ndipo anagwedeza chigubucho nthawi yaitali mpaka Nabanda anamuuza kuti si thobwa.

Mbiri inali itafika kale kwa Malume, moti anabwera n'kuima chapatali manja ali kumbuyo. Anabweranso matenanti a ku esiteti yoyandikana nafe, ochokera ku Mulanje aja munkawapatsa nkhwani. Ndinakwinya chitenje, ndinaponda kiki. Mwendo unamva kulimba, chizindikiro choti m'kati mwagwira mpweya. Koma sinalire. Ndinapondanso, ndi kupondanso, thukuta lili kamukamu. Zii. Malume anayamba kukonza kukhosi.

Pamenepo ndinamva mawu kumbuyo kwanga, olemera, otuluka mbali imodzi ya pakamwa. Anali Abambo. "Esinati. Mayi ako ankayamba watsegula kampopi ka petulo."

Amayi, ndinali nditaiwala kutsegula petulo! Anthu anaseka, inenso ndinaseka misozi ili m'maso. Ndinatsegula, ndinadikira pang'ono, ndinaponda. Inatsokomola. Ndinapondanso, ndipo Mzime analira. Kulira kwake komwe kuja, kwa ting'ting'ting', utsi wobiriwira uli tolotolo pansi pa chigafa, nkhuku zikubalalika. Nabanda anaimba nthungululu, amayi a ku Mulanje aja anailandira, Felesiya naye anayamba wake. Limbikani anagwada n'kugwira thanki ndi manja onse awiri. Malume anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba, akufuula kuti, "Mwana wa mlongo wanga ameneyo! Ndinanena ine!" Sindinawatsutse. Nditacheuka ndinaona Abambo atatseka maso, akukoka mpweya wautsiwo ngati fungo la mvula yoyamba. Anati, "Fungo ili ndi la mayi ako akamabwera kumsika."

Bambo Nyirenda anandilangiza kuti pisitoni yatsopano isathamangitsidwe mpaka izolowerane ndi silinda. Choncho kwa masiku angapo ndinkangozungulira nayo kupita kuchigayo ndi kutchalitchi, ndikuipumitsa ikatentha, kenako n'kumanganso manati a hedi itazizira.

Lachiwiri lapitali linali tsiku la kuchipatala. Sindinawafunse Abambo ngati apita. Nditatuluka m'nyumba ndinawapeza atavala kale jekete lawo la Lamulungu. Limbikani anawakweza kumbuyo, n'kutimanga pamodzi m'chiuno ndi chitenje, dzanja lawo logwira lija lili paphewa panga. Tinadutsa m'minda ya fodya yongotsala mapesi, fumbi lofiira likutitsatira, anthu akuima m'njira kutiyang'ana. Pa dambo paja ndinatsitsa miyendo n'kudutsa mumchenga bwinobwino. Anamwino anawakalipira chifukwa chojomba, anawayeza, anawapatsa mankhwala, ndipo Abambo ankangomwetulira ngati akuyamikiridwa.

Pobwerera, titafika pamsewu wowongoka uja, ndinamva akundigogoda paphewa.

"Esinati, tikupita kumaliro kodi? Onjezera moto."

"Abambo, injini idakali yatsopano."

"Pang'ono pokha. Ndimve mphepo."

Ndinawonjezera pang'ono pokha, Amayi, ndipo mwamuna wanu anaseka kumsana kwanga mpaka ndinamva nthiti zawo zikugwedezeka. Chichokereni inu, ndinali ndisanawamve akuseka choncho.

Ndiye musawadikire msanga kumeneko. Kuno adakali ndi maulendo. Ndikukulonjezani kuti tsiku lawo la kuchipatala silidzadutsanso ali pakhomo, kaya kukhale matope kaya dzuwa. Ndipo tikamabwera kudzalambula pamanda mwezi wa mawa, simudzafunika kuuzidwa kuti tafika. Mudzatimva tikadali kuseri kwa mitengo.

Ndimakukondani, Amayi. Gonani bwino.

Ine mwana wanu,
Esinati