Mimba Yopanda Mwana

Kwa Wimbe,
Kasungu.
19 Novembala 2011

Okondedwa akulu anga a Lusiya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ndirandeko pamodzi ndi alamu anga a Moffat ndi ana. Kuno mvula yoyamba inagwa Lachiwiri, yongonunkhiritsa dothi, ndipo fodya wa kunazale wakula moti ikangobwereza tiyamba kuokera. Mwana wanga Chancy ndi mkazi wake ali bwino ku Lilongwe. Za ine ndiye musafunse. Kalatayi muiwerenge muli nokha.

Paja pa ukwati wa mwana wanu Olive munandiseka kuti ndanenepa ngati mkazi wa mwini esiteti. Ndinaseka nawo, koma zinandiwawa. Chaka chatha ndinaleka kusamba, akulu. Thupi linangoyamba kudzaza lokha, makamaka pamimbapa, pomwe kadyedwe ndi komwe kaja. Bulauzi yoyera ya kumpingo mabatani ake sakumananso. Nanga kutentha! Ndimatha kukhala pamthunzi phee, thukuta n'kungoyamba kuchucha ngati ndasenza belo la fodya. Kumjigo azimayi anayamba kukodolana, ati, "Mayi a Chancy, mwana ndi mdzukulu adzayamwira limodzi?" Ine wa zaka 48, abale inu!

Mu Epulo tikusoka fodya m'chigafa anabwera a Modester, azakhali awo a alamu anu a Zakeyo. Anatulutsa ena onse, n'kundidina pamimba ndi chala.

"Munaleka liti kusamba?"

Ndinawauza.

"Nanga ndi Zakeyo mukugonabe pamodzi?"

Ndinavomera chowerama.

"Ndiye mukudabwa chiyani? Kale mwezi unkakutsukani. Pano za mwamuna zikungounjikana m'mimbamu, zilibe kotulukira. Mukapitiriza mutupa mpaka kufa. Yalani kwina, mwana wanga. Mwamuna sakalamba, koma zimenezo tisiyireni ife akuluakulu."

Ine ndinati, "Chabwino, apongozi." Sindinafunse n'komwe kuti chimene ndikuwasiyiracho n'chiyani.

Tsiku lomwelo ndinasamukira kuchipinda chija ankagona Chancy. Ndikuuzeni zoona, popeza ndinu: sikunali kuopa imfa kokha. Mtima unapepuka. Ndinali nditatopa ndi kuvula nditayang'ana kukhoma, kutopa ndi kupepesa zofunda zonyowa ndi thukuta. Komatu alamu anu sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi. M'mawa mwake anandipeza ndikusesa pabwalo, nati, "Mayi a Chancy, ndakulakwirani chiyani?" Pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinati, "Ndi zachikazi, zisiyeni. Ine zanga zinatha." Anatola khasu n'kumapita.

Miyezi isanu ndi iwiri yapita, mimba osaphwa ngakhale pang'ono. Ndinasiya kudya m'mawa, masana ndinkangolawa, ndinkamwa madzi a mandimu ndi mizu yowawa imene apongozi ankanditumizira. Lolemba lapitali ndikuthirira nazale kudimba, m'maso munangoti bii, ndinagwa ndi kheni yothiririra yomwe. Anzanga ananditengera kuchipatala panjinga.

Kumeneko anandikweza pasikelo: makilo 76, ine wa 59 uja. Nesi wake anali mayi wamsinkhu wanu, Mtumbuka wolankhula mosapsatira. Nditamufotokozera za apongozi anagwira pakamwa, kenako anadzimenya pamimba pake.

"Mama, onani yangayi. Amuna anga anamwalira kalekale, nanga muno mwaunjikana za yani? Awa ndi mafuta a msinkhu basi, amabwera munthu akaleka kusamba. Chimene chikupheni ndi njala. Idyani, koma chepetsani shuga m'tiyi ndi mandasi, muchulukitse masamba ndi nyemba. Ndipo lero lomwe mubwerere kuchipinda kwanu."

Safunsa anadya phula, akulu. Pobwerera ndinatsika pa Chamama n'kugula sopo wonunkhira, ndikuseka ndekha ngati namwali. Koma manyazi anandigwiranso. Ndinati ndidikire Lachinayi, tsiku la makuponi a feteleza, popeza alamu anu akalandira kuponi amakhala wina, amachita kuimba m'njira.

Lachinayi tinasonkhana pabwalo la sukulu, dzuwa lili pamutu. Anayamba kuitana mayina, nyumba ndi nyumba. "Zakeyo Mphepo!" Anapita, analandira. Ndinayamba kukutumula chitenje kuti tizipita. Kenako ndinamva, "Angelina Mphepo!"

Ndinati kodi ndi Mphepo uti ameneyu? Anadzuka mtsikana wa matenanti aja a ku Phalombe ogwira pa esiteti ya kutsidya, msinkhu wake ngati mkazi wa Chancy. Anadzuka movutikira, dzanja lili m'chiuno, mimba ili patsogolo. Mimba yeniyeni, akulu. Pambali pake panali a Modester, atamugwirira ambulera. Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Ndiye kuti mudzi wonse unkadziwa, wosadziwa ndinali ndekha. Kutentha kuja kunandibwerera pompo, thukuta mpaka m'maso, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti misozi siinkadziwika.

Kunyumba sindinatukwane, inu simungakhulupirire. Ndinangofunsa kuti zayamba liti. Alamu anu anakhala pakhonde akuyang'ana zala za kumapazi.

"Munandiuza nokha kuti zanu zinatha. Azakhali anati munavomera, anati munachita kunena kuti chabwino. Ine ndinakufunsani, mayi a Chancy. Ndinakufunsani."

Akuti anamumangira kanyumba kuseri kwa azakhaliwo, ndipo ine sandithamangitsa, nyumba ino ndi yanga. Akudziwa kuti kumpingo awadula. Ine ndimafuna ndidane nawo koma zikundikanika, popeza anandifunsadi. Komanso werengani nokha miyezi: ine ndinasamuka mu Epulo, mwana akuyembekezeka mu Febuluwale. Anangodikira mwezi umodzi wokha, pa banja la zaka makumi atatu! Zimenezi zikundidya, akulu, chakudya sichikutsika.

Za nesi zija sindinawauze. Ndiwauze kuti atani nazo? Achimwene a Wyson nawonso sakudziwa kanthu, ngakhale ndiwo ankhoswe anga. Ndikuopa angabwere ndi ukali wawo uja n'kundiuza kuti ndilongedze, pomwe ine sindikufuna kuchoka. Ndimawafunabe amuna anga. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Ndili nanu mlandu pang'ono. Inu munadutsa m'zimenezi kale, bwanji simunandinong'oneze? Pa ukwati paja ndinaona mukulowa chipinda chimodzi ndi a Moffat, mumtima ndinakunenani kuti a m'tauni alibe mwambo. Mundikhululukire. Chonde bwerani Khirisimasi isanafike, mudzandithandize kupeza poyambira.

Perekani moni kwa alamu anga, muwauze kuti mtedza wawo ndawasungira. Moni kwa Olive ndi amuna ake. Mng'ono wa Olive, Goodness, mumupatse moni wapadera, ndipo ngakhale akadali mwana, nthawi yake ikadzayandikira mudzamuuze zonse, asadzamve kwa azakhali a mwamuna. Alamu anu akuti moni, andiona ndikulemba. Apongozinso akupereka moni. Anabwera m'mawa uno ndi nkhuku m'manja. Akuti mwana wa Angelina akadzabadwa ndidzamulandire ndine, ndimusambitse ndine, chifukwa khanda limafuna manja ozizira, a munthu wosagona ndi mwamuna, ndipo pabanja ponse pano woteroyo ndine ndekha. Nkhukuyo ndalandira, akulu. Ndikanati chiyani?

Ndine mng'ono wanu,
Fainala