Foni Imene Munaimbira Aphunzitsi

14 Meyi

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kumeneko. Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira, ndiye mundikhululukire, lero sindizungulira.

N'chifukwa chiyani munawaimbira foni aphunzitsi anga a masewera osandifunsa?

Makina mukuwaopawo ndi kachitsulo kafulati chabe konjenjemera. Umaimapo theka la mphindi utapinda mawondo pang'ono, n'kutsika, n'kukwerapo kachiwiri. Minofu imadzuka, ndipo ukadumpha pasanathe mphindi zisanu miyendo imachita kukuponya m'mwamba. Ndakhala ndikukwerapo miyezi isanu. Inde, ndinakubisirani. Ndinangouza amayi podzitama, pakamwa panga pomwepa, iwo n'kukuululirani.

Loweruka ankasankha atsikana awiri odumpha ndodo oti alowe timu yaikulu. Ndavula jekete, ndaika phazi pamakina, ndangoona aphunzitsi andigwira mkono. "Iwe ayi. Bambo ako akuti zimenezi zimagwedeza chiberekero, sudzabereka. Ine milandu ya mwana wa eni sindiifuna." Ananena mokweza, Ababa, pamaso pa anyamata onse! Mpaka lero ndikamadutsa akumakuwa kuti Mayi Chiberekero.

Anzanga anakwerapo, ine ndikungothamangathamanga pambali, manyazi atandigwira, miyendo ili ngati yobwereka. Ndodo ndinaigwetsa katatu, pamulingo womwe ndimaudutsa tsiku ndi tsiku. Kachitatuko ndinangoikhudza ndi chidendene.

Adokotala a timu atamva za chiberekerozo anaseka mpaka kutsokomola, akuti zimenezo kulibe. Inu munazimva kuti? Kwa anzanu a kuntchito amene sanadumphepo ngakhale ngalande? Si inu munkandimangira chingwe pamitengo iwiri kuseri kwa nyumba, n'kumachikweza pang'onopang'ono, mukukuwa kuti, "Dumpha, mwana wanga"? Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuvutika, lero wondigwira mwendo n'kukhala inu nomwe. Zandiwawa kwambiri.

Mmodzi mwa osankhidwawo wavulala bondo, ndiye Lachisanu atiyesanso ife otsala. Ndi mwayi womaliza. Aphunzitsi akuti sandilola kukwera makinawo pokhapokha amve mawu anu. Nambala yawo muli nayo, tonse tinaona.

Moni kwa amayi. Muwauze kuti adzukulu mukuwatetezawo palibe anawaonapo nkhope, koma mwana amene munabereka kale alipo, ndipo akudikira foni yanu.

Ndine wokukondani ngakhale ndakwiya,
Mwana wanu wachisamba