Tindodo ta Nsomba ta Benilde

Matundo, Tete
Okutobala 2025

Okondedwa mana Bibiana, mkulu wanga,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga a Inácio ndi wa ana onse kumudziko ku Chiputo. Nanga mwendo wa amayi uja ukuwalolabe kutsikira kudimba? Ife kuno tadzuka, koma ndikanena kuti tili bwino ndiye kuti ndakunamizani. Dzuwa la ku Tete mwezi uno mukulidziwa, madzi a mumtsuko akumakhala ngati wina wawatereka pamoto.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa kwanuko kuti mawu amveke mpaka munthu akwere pachulu, ndipo inu mukamayankha foni mumakuwa, mudzi wonse umamva nawo. Ndapatsira a Belarmino, amene akukwera shapa, minibasi ija ya ku Fingoe, mawa. Muwerenge muli nokha.

Nkhani ndi ya mwana wanu Benilde. Mukukumbukira mmene analili chaka chatha nditabwera naye kumeneko: mimba ili tuu, timiyendo ngati mapesi, tsitsi lofiira, kutsegula m'mimba kosaleka. Mwana wa zaka zisanu ndinkamubereka ngati khanda. Titabwerera kuno ndinayenda naye m'zipatala mpaka nsapato kutha. Ena ankati njoka zam'mimba, ena ankati sindimudyetsa. Ine, Otília, wophikira anthu tsiku ndi tsiku, kulephera kudyetsa mwana wanga! Ndinkatuluka m'menemo mtima ukuwira.

Pomaliza tinakumana ndi dotolo wina wamayi, amene anandifunsa chilichonse chimene mwanayu amadya kuyambira m'mawa, nayeza magazi. Anandiuza kuti thupi la Benilde limadana ndi tirigu. Akadya, matumbo amanyuka mkati, ndiye chakudya china chonse chimangodutsa osagwira thupi. Anati palibe jakisoni kapena piritsi, mankhwala ake ndi kusiya tirigu moyo wake wonse. Ndiye kuti pau, buledi wathu uja, ndi buledi wina wamtundu uliwonse, mabisiketi aja timati mabolasha, mandasi, masa ija ya makaroni timaphika ndi tomato, ngakhale timakaludu tina tokometsera timene timathira mundiwo. Chimanga, chinangwa, mpunga, mapira, mbatata, zonsezo anati adye mmene angathere.

Mana, ndinatsala pang'ono kumuseka dotoloyo pamaso. Pau angaphe mwana? Ife timati mwana akadwala n'kukana nsima, ndiye nthawi yomugulira pau ndi tiyi. Ndinavomera chabe chifukwa kunalibenso kwina kolowera.

Masabata oyamba anali a misozi. Benilde ankalirira pau m'mawa uliwonse, n'kumandiuza kuti ndimadana naye. Ndinkapita naye kuntchito kwa dona Eugénia, kumene ndinkaphika. Ana a kumeneko amadya nsomba yogula m'sitolo, yodulidwa timizere ngati zala, yokutidwa ndi nyenyeswa za buledi. Amaisunga mu jeleira, mufiriji muja, ine n'kumangokazinga. Benilde ankaima pakhomo la khitchini n'kumayang'ana anzake akutafuna, malovu akumeza. Ine ndi manja angawa ndikukazingira ana a eni chimene wanga sangalawe. Zinkandipweteka kwambiri.

Ndiye ndinati ndiyese kupanga zanga. Ulendo woyamba ufa wonse unatsalira m'chiwaya, nsomba n'kutuluka yamaliseche. Wachiwiri zinalimba ngati mwala, mwana wanu wopanda ulemuyu n'kundifunsa ngati ndamukazingira dothi. Koma ndinalimbikira mpaka ndinapeza njira yake. Tsiku limenelo anadya osapuma, nanyambita zala, n'kuzipatsa yekha dzina loti tindodo. Kuyambira pamenepo analeka kulirira pau. Mimba inaphwa, masaya anabwera, tsitsi linayamba kuda. Anafika pomathamangitsana ndi ana a pabwalo la kintali pano, ine n'kumamukalipira kuti achepetse phokoso, mumtima ndikuthokoza Mulungu.

Zimene zinachitika amayi atabwera kudzationa mu Juni sindikudziwa kuti anakufotokozerani bwanji, choncho imvani kwa ine. Ndinakhala nawo pansi n'kuwauza zonse za dotolo. Anagwedeza mutu, nati amva. Koma ine ndikapita kuntchito iwo ankamugulira mabolasha pa banka, kaokala ka pakona kaja, n'kumabisa pamfundo ya kapulana, chitenje chawo chija. Ankamuviikira mu tiyi ndi kumuuza kuti asandiuze. Sabata isanathe Benilde anayambanso kutsegula m'mimba ndi kusanza, maso analowa mkati, ndipo tinakagona naye kuchipatala ali pa diripi.

Nditawafunsa, amayi sanakane. Anati iwo sangaonerere mdzukulu wawo akumanidwa chakudya ngati mwana wamasiye. Anati a chipatala sadziwa tsempho, ndipo chimene chikudya mwanayu ndi mayendedwe a bambo ake, monga zinalili ndi malemu Adérito. Apo ndiye ndinalephera kudzigwira, ndinawayankha mawu oipa. Anakwera shapa m'mawa mwake osatsanzika.

Za Adérito ndilembe pang'ono chabe. Mwana wanga woyamba uja anapita ndi mimba yotupa yomweyi, timiyendo tomweti. Mukukumbukira kuti atadwalika, aliyense wobwera kudzazonda ankanyamula pau. Achimwene a Amadeu ankachoka kokumba golide n'kudzera pa merkadu, msika wa ku Fingoe, kuti asabwere chimanjamanja. Mwana akamafooka, pau ankachuluka m'nyumba. Ndinamufunsa dotolo ngati anali matenda omwewa. Anati zimayenda m'magazi a pabanja, koma sanganene za mwana amene sanamuone. Ine sindikuloza munthu chala. Amalume ndiwo analoza mwamuna wanga Luciano pamaliro paja kuti wamutsempha mwana, ndipo iye sanapondenso pamudzipo. Lero ali ku Joni, foni yake sikulowa, ndipo ndasiya kudikira.

Tsopano imvani chimene ndalembera. Ndakhala ndikutsokomola kuyambira nthawi yozizira, ndimati ndi fumbi la malasha. Andipeza ndi chifuwa chachikulu, ndipo akuti ndi chija chosamva mankhwala oyamba. Chithandizo chake n'chachitali, mwinanso andigoneka. Dona Eugénia anandiuza mwaulemu kuti ndikapume, koma ndinaona m'maso mwawo kuti pakhomo pawo sindidzaphikanso, ndipo sindikuwada, ali ndi ana. Benilde anamuyeza, alibe. Koma tikugona m'kachipinda kamodzi ka zenera limodzi, ndipo dotolo wanenetsa kuti mwana wofooka kale ngati ameneyu asamapume mpweya wanga.

Pempho langa ndi limodzi, mana. Mutengeni Benilde akakhale ndi inu mpaka ndichire. A Amadeu atha kudzamutenga mvula isanagwe, chifukwa ikangoyamba msewu wa ku Chiputo mukuudziwa, ngakhale njinga yamoto imakanika.

Kudya kwake si kovuta monga mukuganizira. Phala, nsima, nyemba, masamba otendera, mazira, zonse za kumunda kwanu adya. Koma tsiku limene anzake agwira mandasi m'manja, kapena akayamba kundifuna, mupangireni tindodo take. Ndikulemberani mmene ndimachitira.

Pezani nsomba yaiwisi ya mnofu wambiri. Kuno ndimagula pende, koma mlamba wa m'mitsinje ya kwathuko ndi wabwinonso, minga yake ndi yochepa. Chotsani khungu, lengani mnofu kuusiyanitsa ndi fupa la pakati, ndipo mupapase ndi zala mpaka mutsimikize kuti simunatsale munga. Amadya mothamanga mwana ameneyu, satafuna bwino. Dulani timizere totalika ngati chala chanu chapakati, thirani mchere pang'ono ndi madzi a ndimu, ndipo muziumitse ndi kansalu koyera. Zikakhala zonyowa ufa sugwira, ndi pamene ine ndinkalakwitsa.

Ikani mbale zitatu. Yoyamba ufa wa chinangwa wosalala, yachiwiri dzira lomenya, yachitatu mgaiwa wosasefa, wokhakhala uja, wosakaniza ndi nsinjiro pang'ono. Kamzere kalikonse kagubuduzeni mu chinangwa, kaviikeni m'dzira, kenako mu mgaiwa, ndipo mukanikize ndi chikhatho kuti ufa umamatire. Musathamangire kukazinga, ziyambe zakhala palichero kanthawi. Mafuta atenthe ndithu koma asafuke utsi. Mukaponyamo kaufa n'kuona kakuthetheka, ndiye kuti akwana. Tembenuzani kamodzi kokha, zikafiira ngati chitumbuwa chotsani. Ndikukudziwani inu ndi moto wanu wa nkhuni zambiri, mudzapsereza kunja mkati muli mwamuwisi. Chepetsani moto, mana.

Nsomba yaiwisi ikasowa, tengani youma ija ya mchere, muiviike m'madzi mpaka mchere utuluke, muiwiritse, muchotse minga, muisinje pamodzi ndi mbatata kapena chinangwa chophika. Umbani timizere, kenako chitani chimodzimodzi ndi mbale zitatu zija. Sizikoma ngati zinazo, koma amadya.

Chimodzi musaiwale. Mafuta amene mwakazingira mandasi ogulitsa aja asayandikire chakudya chake, ngakhale akuoneka oyera. Chiwaya chimene ndidzatumize ndi iye chikhale chake yekha, ndipo sefa imene mumasefera ufa wa tirigu isakhudze ufa wake. Mudzati ndikukokomeza. Inenso ndinkatero, mpaka ndinaona zimene kanyenyeswa kamachita m'mimba mwake.

Koma kuphika si kumene kukundidetsa nkhawa. Inu mumaphika kundiposa, ngakhale sindinavomerepo pamaso panu. Chimene chikundiopsa ndi amayi. Nyumba yawo ndi yanu zayang'anana makomo, ndipo Benilde amawakonda agogo ake. Amayi si munthu woipa. Anavutika nafe kothawa nkhondo ku Zambia, inu muli kamtsikana ine ndili kumsana, ndipo mumandiuza nokha kuti ankalira akaona ana a eni akudya buledi ife tikungoyang'ana. Kwa iwo kumupatsa mwana pau ndiko kumukonda. Ndikumvetsa zonsezo. Komabe chikondi chimenecho chinamugoneka mwana wanga pa diripi, ndipo kuno chipatala chili pafupi. Ku Chiputo mu Januwale, mitsinje itadzaza, mudzathamangira naye kuti?

Ndiye chimene ndikupempha kwenikweni ndi chakuti muwakanize amayi. Mudzawalande bolasha m'manja mwana akuona. Mudzabweze pau wa a Amadeu, wa amayi a mpingo obwera kudzacheza, wa aliyense, ngakhale anene kuti mwana wa Otília ndi wonyada, wazolowera za m'tauni. Adzakunenani kuti mukumana mwana wodwala. Amayi adzalira, adzakukumbutsani kuti anakuyamwitsani, mwina adzasiya kulowa m'nyumba mwanu. Ine ndimakudziwani, mana. Chibadwire simunawayankhepo amayi, mukaona misozi yawo mumagwa mphwayi. Wamwano pabanja pathu ndine, ndipo ulendo uno sindidzakhalapo.

Musandiyankhe mwaulemu kuti mundisangalatse. Khalani pansi ndi alamu, muganize, ndipo mundiuze zoona kudzera kwa a Belarmino pobwerera. Mukati mungathe, ndimulongedzera tizovala take ndi chiwaya chake, ndipo ndidzamwa mankhwala anga ndi mtima wokhazikika. Mukaona kuti simungathe kuwakaniza amayi, nenani, sindidzakwiya ndipo ubale wathu sudzatha. Ndidzangomuyalira mphasa pafupi ndi chitseko, ine ndizitsokomolera kukhoma. Ndayesa kuganiza kuti chingamuphe msanga n'chiti, chifuwa changa kapena pau wa agogo ake, ndipo mutu wanga wakanika. N'chifukwa chake ndakufunsani inu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Inácio, kwa achimwene a Amadeu ndi akazi awo, kwa azakhali a Berta, ndi kwa ana anga Aniceto ndi Sónia, muwauze kuti m'bale wawo amawatchula tsiku lililonse. Amalume muwapatse moni ngati mukufuna. Amayi muwauze kuti mwana wawo wamwano uja akudwala, akuwasowa, ndipo akuwapempha ndi maondo pansi kuti amusiyire mwana mmodzi amene wamutsalira.

Ndine mng'ono wanu,
Otília